Mlongo wa Meenakshi ndi ine

Kumudzi kwathu mwana wamwamuna akangoyamba kumera ndevu amauzidwa kuti alongo ake pamodzi ndi ana awo ndi mbumba yake. Ine mawu amenewa ndidawamva kwa amalume ndili ndi zaka 15, koma tanthauzo lake ndidalimvetsa ndili kale bambo wa ana awiri. Amene adanditsegula maso sadali mlangizi kapena mbusa ayi, idali filimu ya ku India.

Chidali chaka cha 2012, ndikukhala ku Ndirande. Loweruka lina mnyamata wogulitsa zimbale mumsika wa Limbe adandikakamira kuti ndigule chimbale china chimene pachikuto pake padali mnyamata wa nkhope yosalala ataima kutsogolo kwa kachisi wamtali. "Bwana, iyi ndi ndewu yokhayokha, simuodzera," adatero. Ndidagula pofuna kungotayitsa nthawi.

Dzina la filimuyo ndi Arjun. Idatuluka mu 2004 m'chiyankhulo cha Telugu, chomwe amayankhula anthu oposa 80 miliyoni, makamaka m'zigawo za Andhra Pradesh ndi Telangana. Ambiri kuno timangoti filimu iliyonse ya Amwenye ndi ya ku Bollywood, koma a Telugu ali ndi likulu lawolawo la mafilimu mumzinda wa Hyderabad. Adaitsogolera ndi Gunasekhar, yemwe chaka cha 2003 adali atapanga ina yotchuka, Okkadu, ndi katswiri yemweyo, Mahesh Babu. Amene adaika ndalama zake pa ntchitoyi adali Ramesh Babu, mkulu wake weniweni wa Mahesh, yemwe adamwalira mu 2022. Kachisi uja ndidamuona pachikuto ndi wa mulungu wamkazi Meenakshi wa mumzinda wa Madurai ku Tamil Nadu, koma zambiri zimene timaona m'filimumo ndi chifaniziro chake chimene mmisiri Thota Tharani adamanga kufupi ndi Hyderabad.

Nkhani yake njosavuta kutsata, ngakhale kwa ine amene ndinkadalira mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi. Arjun ndi Meenakshi ndi mapasa. Meenakshi, yemwe mbali yake adasewera Keerthi Reddy, akondana ndi Uday, mwana wa banja lolemera la ku Madurai, ndipo Arjun ayesetsa mpaka awiriwo akwatirana. Tsoka ilo, makolo a mwamunayo, omwe mbali zawo adasewera Prakash Raj ndi Saritha, adali ndi maso pa mwana wa mpondamatiki wina. Pamaso pa anthu amulandira mpongozi wawo ndi nsangala, koma kuseri akonza zomupha kuti mwana wawo akwatirenso kwa olemera. Arjun azindikira chiwembucho koma mlongo wake samuuza, poopa kumuswera mtima. M'malo mwake akhala pafupi naye, namatchinga msampha uliwonse ndi nkhonya, mwini wake osadziwa kanthu.

Nkhani yotere siidachokere m'mutu mwa wolemba chabe. Ku India ndi banja la mkazi limene limapereka chuma kwa a kuchimuna, ndipo ngakhale boma lidaletsa mwambowu ndi lamulo la 1961, apolisi a kumeneko akhala akulemba imfa za amayi oposa 6,000 pachaka zokhudza chuma cha ukwatichi. Kumeneko kulinso chikondwerero cha Raksha Bandhan, chomwe nthawi zambiri chimachitika mu Ogasiti, pamene mtsikana amamanga kachingwe padzanja la mlongo wake, iye n'kulonjeza kuti adzamuteteza. Ife tilibe kachingwe. Tili ndi liwu lija amalume adandiuza.

Ana anga ankaseka ndi kuwomba m'manja Arjun akamagwetsa amuna khumi nthawi imodzi. Ine sindidaseke. Maganizo anga adali atabwerera ku chaka cha 2009, pamene ndidakacheza kwa mlongo wanga wamng'ono, yemwe adatengedwa chitengwa ku Kasungu. Alamu adali mlimi wa fodya wochita bwino ndithu: nyumba ya malata, ngolo, ng'ombe zisanu ndi imodzi. Tsiku limenelo mlongo wanga adandipatsa madzi osamba m'manja ndi dzanja lamanzere. Lamanja lidali lotupa, atalikulunga ndi kansalu.

"Watani dzanjalo?" ndidamufunsa.

"Ndidaterereka ku mjigo, achimwene," adayankha akuyang'ana pansi.

Ndidaona kuti apongozi ake aakazi adali chiimire pakhomo mpaka atamaliza kuyankha. Ndidaonanso kuti mwana wake woyamba ankathawira kuseri kwa nkhokwe bambo ake akangotsokomola. Zonsezi ndidaziona, koma ndidati, "Pepa, uzisamala," ndi kupitiriza kudya nkhuku imene adandiphera. Chifukwa chake ndichinene poyera, pakuti ndachibisa nthawi yaitali: chaka chimenecho alamu adali atandibwereka ndalama zolipirira mwana wanga sukulu, ndipo amayi kumudzi ankalandira matumba awiri a feteleza kuchokera kwa iwo dzinja lililonse. Nditawauza amayi za dzanjalo adati, "Banja ndi kupirira, mwana wanga. Ukufuna anthu azitiseka kuti mwana wathu walephera banja?" Ndidavomera mwachangu, chifukwa mawu awo ankandipeputsira katundu.

Usiku wa filimu ija sindidagone. Ndidaona kuti ine ndi Arjun tidachita chinthu chofanana: tonse tidadziwa, tonse tidakhala chete. Koma iye adatseka pakamwa kuti ateteze mlongo wake, pamene ine ndidatseka pakamwa kuti nditeteze ngongole yanga, n'kuitcha ulemu wa banja. Kodi ndi ulemu wanji umene mtengo wake ndi dzanja la mwana wa amayi ako?

Lolemba ndidapempha tchuthi kuntchito ndi kukwera basi ya ku Kasungu. Ndisaname, m'njira monse ndinkadziona ngati Mahesh Babu. Ndinkakonza mawu oti ndikawalalatire alamu, ndipo nkhonya ndinkachita kuifumbata m'thumba, ine munthu amene sindidamenyanepo ndi wina chichokereni ku pulayimale. Nditafika ndidapeza alamu atapita ku okushoni ndi fodya. Mlongo wanga ndidamupeza kudimba akuthirira mpiru. Tidakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndidamufotokozera filimu yonse ngati mwana, mpaka ndidafika pomuuza kuti ndabwera kudzathana ndi mwamuna wake.

Adandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka adafunsa, "Ndiye mtsikanayo adamufunsa kuti iye akufuna chiyani?"

Ndidati ayi, adamubisira kuti asadandaule.

"Ndiye kuti naye ndi chimodzimodzi inu, achimwene. Mukaganiza zokhala chete, mumaganiza nokha. Mukaganiza zomenya, mumaganizanso nokha. Mukawamenya lero, mawa mukwera basi. Amene atsale m'nyumba muno ndani?"

Ndidasowa chonena. Kwa nthawi yoyamba ndidamufunsa funso limene ndimayenera kumufunsa zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo adandiyankha mosazungulira. Sankafuna nkhonya zanga. Ankafuna kuti ndibweze ngongole ija, chifukwa alamu ankamutonza nayo pa mkangano uliwonse. Ankafuna kuti ankhoswe a mbali zonse akhale pansi ine ndili pomwepo, kuti iye ayankhule yekha popanda womudula mawu. Ndipo ankafuna kudziwa kuti tsiku limene adzati watopa, kwathu kudzakhala khomo lotsegula ndi munda woti alime, popanda womubweza ndi mawu akuti pirira.

Ndidagulitsa wailesi ya kanema yomwe ndidaonerapo filimu ija, ndidaonjezera ndi malipiro a mwezi umenewo, ngongole n'kutha. Ankhoswe adakumana kawiri. Pa msonkhano wachiwiri ndidanena pamaso pa onse kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja, ndipo dzanja likadzatupanso nkhaniyo siidzathera pa mkeka. Zinthu zidakhala bata kwa miyezi ingapo, kenaka zidayambiranso. M'chaka cha 2013, atakolola chimanga, mlongo wanga adandiimbira foni nati, "Achimwene, bwerani mudzanditenge." Sindidafunse kawiri. Amayi adakhala sabata yathunthu osandiyankhula, ndipo dzinja limenelo feteleza ndidagula ndine. Anthu adatisekadi, koma kuseka kwawo sikudathe ngakhale mwezi. Adapeza nkhani ina.

Filimu ija ndidaionanso posachedwapa pa foni ya mwana wanga. Nyimbo za Mani Sharma zikadali zokoma, ndipo Keerthi Reddy adayeneradi mphotho ya Filmfare imene adalandira chifukwa cha mbali yake. Koma tsopano ndimaona chimene mlongo wanga adachiona asadaonere n'komwe: dzina la filimuyo ndi la mwamuna, ngakhale moyo umene uli pachiswe ndi wa mkazi. Komabe sindingainyoze. Akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola, koma fupa langa lidali litakwiririka pansi pa matumba a feteleza, ndipo adalifukula ndi mnyamata wa ku Hyderabad amene sadzadziwa n'komwe kuti kuli Ndirande.

Lero mlongo wanga amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa kwathu, ndipo wamanga nyumba yakeyake ya njerwa zootcha. Dzanja lija silidabwerere mwakale. Kukazizira limamuwawa, ndipo ndowa amanyamula ndi lamanzere. Mwana wake wamwamuna, uja ankathawira kuseri kwa nkhokwe, wayamba kumera ndevu. Mwezi wathawu adabwera kudzandiona, ndipo monga malume wake ndidamukhazika pansi ndi kumuuza kuti alongo ake awiri ndi mbumba yake. Ndidaonjezapo chimodzi chimene ine sindidauzidwe: kuti akadzaona dzanja lotupa, asadzathamangire nkhonya kapena kutseka pakamwa, koma adzayambe wafunsa mwini dzanjalo, pamalo popanda wina woima pakhomo.