Za Kunika Ulusi ndi Ufa wa Cakumwa

Ife a m'nyumba muno tifuna kukusimbirani cimene cinaticititsa manyazi, kuti inunso mungagwe m'mbuna yomweyo.

Mwana wathu wamkazi amene agwira nchito ku America, pakumva kuti mlamu wace ali ndi pakati, anatitumizira ulusi woyera wa ubweya wa nkhosa, pamodzi ndi timapaketi ta ufa wa cakumwa cochedwa Kool-Aid. Ufa umenewu anayamba kuupanga Edwin Perkins ku Hastings, m'dziko la Nebraska, caka ca 1927. Ana a kumeneko aumwa, koma akazi oluka anika nao ulusi. M'kalata mwace anati: "Amai, nikani ulusiwu, mulukire khandalo kajuzi cisanu ca Juni cisanafike."

Tsono ife, poopa kuononga ubweya wocokera kutali cotere, tinati tiyambe tayesa pa ulusi wathu wogula pamsika. Madzi anafiira psuu mumphika, mitima yathu nikondwera. Koma pamene tinautsuka, utoto wonse unapita ndi madzi, ulusi nukhala woyera monga kale. Timapaketi tiwiri tinatha cabe. Pamenepo tinang'ung'udza, ndi kuti: "Mwanayu wakhalitsa kwa eni, wayamba kuseka akuru ace." Ndipo tinatsala pang'ono kumuimbira lamya ndi mau okalipa.

Mpongozi wathu, mwini pakatiyo, ndiye anatiletsa. Anagwada pakhomo nafunsa: "Amai, kodi ulusi munayesawu ndi wa nkhosa?" Sitinayankhe kanthu, pakuti sitinadziwe. Iye anadula kacidutswa nakaika pa khala lamoto. Kanasungunuka, nikasanduka kambulu kolimba, konunkha pulasitiki. Anadulanso ka ubweya uja: kananyeka pang'onopang'ono, kakununkha tsitsi lopserera, nikasiya phulusa lofumbutuka. Apo tinazindikira kuti wolakwa si mwana wathu ai, koma ife.

Cifukwa cace ndi ici. Mu ufamo muli utoto wa zakudya, ndiponso cowawasa conga ca m'mandimu. Cowawasaco pamodzi ndi moto cicititsa utoto kumamatira pa ulusi wocokera ku nyama, ndiwo ubweya ndi silika. Thonje siliugwira, ngakhale ulusi wa acrylic umene ucuruka m'misika.

M'mawa mwace tinayambanso modzicepetsa. Tinabviika ubweya m'madzi ofunda theka la ora. Tinasungunula ufa mumphika, kapaketi kamodzi pa magalamu 28 a ulusi. Ndipo ufawo ukhale wopanda shuga, popeza shuga amatitsa ulusi. Tinaika mphika pa makala ocepa, kuti madzi atenthe koma asabwadamuke. Sitinatakase konse, pakuti ubweya ukatakasidwa uli wotentha, kapena ukacoka m'madzi otentha ndi kulowa m'ozizira mwadzidzidzi, uphatana osamasukanso. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Litapita ngati theka la ora, taonani, madzi ofiira aja anayera, utoto wonse utalowa mu ubweya. Tinaleka mphika uzizire wokha, ndipo tinatsuka ulusi mofatsa ndi kuuyanika pamthunzi, cifukwa dzuwa lifwifwitsa utoto wotere.

Koma timapaketi totsala sitinakwanire ulusi wonse. Cotero kajuzi kanaturuka kofiira pacifuwa, manja ace oyera. Anansi ayesa kuti tinacita dala, nayamika luso lathu. Ife tidziwa kuti manja oyerawo ndiwo mtengo wa kufulumira kwathu kuweruza.

Lamya tinamuimbiradi mwana wathu, koma ndi mau ena. Tinamuuza zonse, osabisa kung'ung'udza kuja, iye naseka mpaka misozi. Mdzukulu wathu anabadwa cisanu ciri pakati, ndipo kajuziko kanamkwana.

Inu amene mufuna kuyesa nchito imeneyi, yambani mwaocha kacidutswa ka ulusi wanu, musanatsegule kapaketi. Tsalani bwino.