Ng'oma Imene Agogo Anaisiya

Agogo anga, bambo wa mayi anga, anali munthu wa khasu ndi korona. Tambala woyamba akalira ankalawirira kumunda wa thonje kumunsi kwa njanji, pakati pa Mua ndi Mtakataka. Dzuwa la kuno kuchigwa limawotcha kodetsa nkhawa, koma iwo ankalima mpaka lifike paliwombo, malaya atapachika pachitsa, korona ili lende pachifuwa. Nthawi yokolola tinkachezera nawo pa nyali ya koloboyi kusankha thonje, loyera padera, lothimbirira padera. Ndalama zogulitsa thonjelo ku Admarc ndi zimene zinaphunzitsa ana awo onse, mpaka ife adzukulu tinadyako. Lamulungu lokha ndiye khasu linkagona.

Pa unyamata wawo anali katswiri wa ng'oma ya mbalule. Analowa kudambwe monga anyamata onse a m'mudzi, ndipo akulu amati iwo akagwira ng'oma, gule ankachita kuuluka m'bwalo. Koma masiku amenewo wofuna ubatizo ankayenera kusankha chimodzi. Ansembe a White Fathers, amene anafika ku Mua mu 1902, analimbana ndi Nyau zaka zambiri pa nkhani ya sukulu ndi maliro. Agogo anaphunzira katekisimu zaka zinayi, nasankha tchalitchi. Atsibweni awo anawakana. Pa maliro a abale awo enieni ankathandiza kukumba manda, koma ng'oma ikangoyamba ankatenga khasu lawo n'kumapita kwawo okha. Ife a lero timatchula mawu akuti chikhulupiriro mosavuta. Iwo chinawadyera abale.

Ine ndakula ndikuona khoma la pakati pa tchalitchi ndi gule likugumuka pang'onopang'ono. Chilatini chinali chitachoka kale pa Misa, kenaka ng'oma inalowa m'kwaya, amayi n'kumalulutira pa Ulemu kwa Mulungu. Mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anthu anawapatsa dzina lakuti Chisale, anayambitsa malo a chikhalidwe ndi luso a Kungoni pa mishoni ya Mua pomwepo. Osema anayamba kusema Yesu ndi Amayi Maria a nkhope zathu. Pambuyo pake nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare inasonkhanitsa zigoba za gule mazanamazana pamodzi ndi matanthauzo ake, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linaika Gule Wamkulu m'gulu la chuma cha anthu a dziko lonse. Mkangano sunatheretu, poti mkhristu wolowa kudambwe amaitanidwabe ndi akuluakulu a mpingo, koma palibenso amene amathawa ng'oma ngati tchimo.

Kusinthaku ndimakuyamikira ndi mtima wonse. Chimandipweteka n'chakuti kunawapeza agogo atakalamba. Tsiku limene ndinawaperekeza ku Chamare anayenda ndi ndodo yawo osalankhula, akuyang'ana chigoba chilichonse ngati mnzawo wakalekale. Titatuluka anandifunsa kuti, "Mdzukulu wanga, nanga ife tinasiyiranji?" Sanadikire yankho. Mawa lake analawirira ku Misa ya m'mawa monga mwa masiku onse, ndipo sindinawamvepo akudandaula za lonjezo lawo.

Komabe manja saiwala. Ndinkakhala nawo benchi limodzi, ndipo kwaya ikayamba ndinkaona zala zawo zokakala ndi mpini zikugogoda pa bondo. Lamulungu lina mnyamata wa ng'oma ankangothamangira kutsogolo kwa oyimba. Misa itatha agogo anamuitanira pansi pa mtengo wa mango.

"Iwe, ng'oma siithamangitsidwa. Mvera amayiwo kaye, kenaka uwayankhe."

Mnyamatayo anawapatsira ng'oma kuti amuonetse. Agogo anakana. Anati anaisiya pamaso pa Mulungu, ndipo mawu a munthu wamkulu sabwerera. Anamuphunzitsa pomenya ntchafu zawo, sabata ndi sabata, kufikira mvula itagwa. Mnyamatayo anadzaphunzitsa anzake, ndipo mwa amene akuimba ng'oma m'kwaya ya kumudzi kwathu lero muli mwana wa mlongo wanga.