Sipika ya msuweni wanga ndi makutu a agogo

Abale anga a m'gulu lino, aku Lilongwe, aku Chipata, aku Tete ndi kwina konse, ndakhala chete kwa miyezi ingapo chifukwa ndinali pa ntchito yojambula mawu a nkhalamba zathu za kuno ku Mabvuku ndi ku Tafara. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma amene amachilankhula chosasakaniza ndi Chishona akutha mmodzimmodzi. Agogo anga aamuna, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndi mmodzi wa otsalawo.

Zimene ndajambula ndimakazimvetsera m'situdiyo ya msuweni wanga, kachipinda kakuseri kwa nyumba kamene kale kanali kosungiramo makasu. Iye amapanga nyimbo za Zimdancehall. Chiyambire pamene anyamata a Chillspot ku Mbare anaonetsa kuti nyimbo yotchuka ingathe kubadwira m'kachipinda ka ku Matapi, mnyamata aliyense wokhala ndi kompyuta amalota zomwezo. Chuma chake chachikulu ndi masipika awiri a m'situdiyo, ogula kwa wina atagwira kale ntchito. Masipika otere sakometsa mawu ngati a m'bala; amatulutsa mawu monga momwe alili, n'chifukwa chake inenso ndimawakonda.

Tsiku lina m'mawa ndinatsegula mawu a mayi wina wachikulire, ndipo ndinalephera kumva ngati akuti "anasala" kapena "anatsala". Ndinabwereza kanayi. Ndinayamba kudandaula kuti ndinajambula molakwika, ndipo mayiyo anali atamwalira kale moti kubwererako kunali kosatheka. Msuweni atalowa anaika khutu pa sipika iliyonse n'kuseka kuseka kwa manyazi. Tisipika tating'ono tapamwamba, timene amati tweeter, tinali titapsa usiku wathawo pamene anzake anabwera kudzamva nyimbo yatsopano.

Sipika ya m'situdiyo ili ndi mbali ziwiri. Yaikulu ija imanyamula mawu apansi, yaing'onoyo imanyamula apamwamba, kuyambira cha m'ma 2,000 Hz kupita m'mwamba. Mkati mwa iliyonse muli kawaya kopota kamene kamatentha pamene voliyumu yakwera. Mukaikweza mpaka mawu n'kuyamba kusweka, kawaya ka kasipika kakang'onoko, kamene ndi kowonda ngati tsitsi, ndiko kamayamba kupsa. Masipika osamalidwa amatha zaka khumi ndi kupitirira. Kuno chimene chimawafupikitsa moyo ndi kutentha kwa pansi pa malata m'mwezi wa Okutobala, fumbi, ndiponso magetsi amene amazima kenako n'kubwera mwamphamvu usiku zipangizo zili zosazula.

Koma chimene chinandikhudza sichinali ndalama. Mawu amene ankatuluka m'masipika akufawo ndinawazindikira. Umu ndi mmene agogo amatimvera ife.

Iwo anagwira ntchito zaka zambiri pakati pa makina m'fakitale, opanda chotseka m'makutu. Phokoso limayamba kuwononga timaselo ta mkati mwa khutu cha pa 4,000 Hz, ndipo timaselo timeneti tikafa sitimeranso. Ife amene tinaphunzira za kamvekedwe ka mawu tikudziwa chimene chimakhala kumeneko: s, ts, ps, f, ndiponso kampweya kamene kamasiyanitsa "pala" ndi "phala". Malembo aliwu ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu zimakhala pansi, kumene phokoso limafikako mochedwa. Choncho agogo salakwitsa pakati pa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, koma mukawauza kuti "tsekani" amayang'ana milomo yanu kuti aone ngati simunati "sekani". Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti sakonda kucheza ndi adzukulu chifukwa Chichewa chathu n'chopindika. Mwina zimenezo zilipo, koma m'mawa umenewo ndinamva ndekha kutopetsa kwa kumvetsera chilankhulo chako chitathothoka mano.

Masipika atakonzedwa, ndinaika pafoni pulogalamu yoyezera phokoso. Si yolondola ngati chipangizo chenicheni, komabe imapereka chithunzi. Pampando wa msuweni, pa voliyumu imene iye amati ndi yapakati, inasonyeza madesibelo 97. Bungwe la NIOSH la ku America limati madesibelo 85 munthu asapitirire nawo maola 8 pa tsiku, ndipo mukawonjezera 3 okha nthawiyo imadulidwa pakati: 88 ndi maola 4, 91 ndi maola 2, 94 ndi ola limodzi. Ndiye kuti 97 ndi mphindi 30. Iye amakhala pamenepo kuyambira madzulo mpaka tambala woyamba. Bungwe la WHO limati pomvetsera nyimbo wamkulu asapitirire madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata.

Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, mukagona makutu salira?" Anayankha kuti amalira ngati nyenje, koma pofika masana amaleka. Anawonjezera kuti besi simveka bwino voliyumu ikakhala pansi. Apa sananame. Fletcher ndi Munson anasonyeza mu 1933 kuti khutu la munthu silimva bwino mawu apansi phokoso likachepa. Komatu zimenezi zimangofuna kukweza kwa mphindi imodzi, kumva besiyo, n'kutsitsanso.

Tinagwirizana zochepa. Pa chokwezera voliyumu tinamatapo kapepala, ndipo muyeso wake ndi wakuti tizitha kulankhulana osakuwa nyimbo ikulira. Magetsi akazima amazula zonse pakhoma. Ndikakhalapo amatsatira. Loweruka anzake akabwera ndimamva besi ndili kumpopi wa pamsewu wachitatu.

Sabata yatha ndinapita ndi agogo m'kachipindako kuti amve mawu a mnzawo wa ku Ntcheu amene ndinamujambula chaka chatha. Anakhala pafupi ndi sipika, chipewa chili pabondo. Atamvetsera pang'ono anati, "Mdzukulu, takweza." Ndinayang'ana kapepala kaja, ndinayang'ana msuweni, ndipo ndinakweza.