Tsiku Limene Fayilo Inakana Kutseguka

Linali Cisanu. Pulogalamu yathu ya azimai a pa msika inali kuyamba 18 hours, ndipo pa 17:20 mng'ono wathu wa pa wailesi anafika na flash kumanja, ali thukuta lokhalokha. Anagona mocedwa akukonza mau pa laptop yake, kudula phokoso la mabasi na kusiya cabe nkhani ya amai ogulitsa tomato, amene anatiuza mwamene amalipilila lendi na kudyetsa ana anayi kucokela pa thebulo imodzi.

Tinaika flash mu kompyuta ya mu studio. Fayilo inaoneka, koma kutseguka inakana. Tinazima kompyuta na kuyatsanso, monga mwamene tonse timacitila nzelu zikatha. Palibe cinasintha. Laptop inatsala kunyumba ku komboni, batile itatha cifukwa malaiti anapita m'mawa. Kukwela basi nthawi ija sikukanathandiza. Pa 18 hours tinaika nyimbo.

Colakwa cinali cathu. Tonse timasewenzetsa Audacity, koma sitinafunsanepo kuti aliyense ali na version iti. Mu 2021, Audacity 3.0 inasintha kasungidwe ka nchito. Kale inali kusunga kafayilo ka .aup pamodzi na foda ya tizidutswa ta mau. Manje imasunga zonse mu fayilo imodzi ya .aup3. Yatsopano imatsegula nchito zakale, koma yakale siidziwa .aup3. Laptop ya mng'ono wathu inali na yatsopano, kompyuta ya mu studio inali ikali pa 2.

Cifukwa ca manyazi, usiku womwewo tinaika yatsopano mu studio, ati tathetsa vuto. M'mawa mwake mau ojambulidwa pa foni, aja a .m4a, nawonso anakana. Kuti Audacity iwelenge mafayilo otele imadalila cida cina cochedwa FFmpeg. Ise tinaika Audacity ya 64-bit, pamene FFmpeg yathu inali ya 32-bit, ndipo ziwilizi sizisewenzela pamodzi. Mwa kuthamanga, tinapanga vuto laciwili.

Manje pa cipupa ca studio pali pepala lolembedwa na marker. Lili na version ya Audacity na ya FFmpeg imene tonse tiyenela kukhala nayo. Pansi pake pali malamulo atatu. Ukatsiliza kukonza, tulutsa WAV kapena MP3, cifukwa izi zimalila pa kompyuta iliyonse. Osacita update tsiku la pulogalamu. Ukafuna kusintha, yesa coyamba pa kompyuta imodzi, ndipo installer yakale uisunge.

Inu amene muphunzila coding, zimenezi muzakumana nazo. Nchito imene iyenda bwino pa laptop yanu ingakane pa ya mnzanu, cabe cifukwa framework na zida zomangila sizili pa msinkhu umodzi. Lembani manambala aja penapake musanapatse munthu.

Pa Ciwelu tinapita ku msika kukapepesa. Amai aja anatiuza kuti anaitana anansi, anakhala pa mphasa mozungulila wailesi mpaka 19 hours, akumvela nyimbo.

"Ana anga," anatelo, "nenze naganiza kuti mau anga sanakomele abwana anu."

Tinayesa kufotokoza za .aup3, koma tinalekela panjila. Cisanu cotsatila pulogalamu inaulutsidwa. Fayilo tinaiika mu kompyuta pa Citatu, ndipo tinaimvela yonse kawili.