Kuwongola Msana ndi Manja

Msana wa munthu uli ndi timafupa 33 tosanjikizana, ndipo togwedezeka ndi 24: pakhosi 7, pomera nthiti 12, m'chiuno 5. Kumbuyo kwa kafupa kalikonse kuli timfundo tolumikiza ndi kanzake. Timfundo timeneti tikauma, wakabaza wa ku Mtandire amalephera kuwerama kuti apope tayala, ndipo mayi wosenza ndowa tsiku ndi tsiku amachita kutembenuka thupi lonse akaitanidwa.

Wowongola msana, wotchedwa chiropractor, amagwira ntchito pa timfundo timeneti. Lusoli analiyambitsa D.D. Palmer mu 1895 ku Davenport, ku America, ndipo kuno kummwera kwa Africa limaphunzitsidwa ku Durban ndi ku Johannesburg.

Wowongola msana amayamba ndi mafunso: "Bambo, wayamba liti? Ululu umatsikira kumwendo?" Kenako amamugoneka wodwala chafufumimba n'kuyendetsa zala pang'onopang'ono, kafupa ndi kafupa, mpaka atapeza pouma. Ngati ndi m'chiuno, amamugoneka cham'mbali, bondo lapamwamba lopinda. Amapotoza thupi mpaka mfundo itafika pamapeto a kuyenda kwake, amadikira wodwala atulutse mpweya, ndiyeno amakankha kamodzi, mwachangu, koma pang'ono chabe. Luso lagona pa kuchepa kwa kukankhako. Mphamvu zambiri n'zowononga.

Pamamveka kuti "thwa!" Ambiri amati fupa labwerera m'malo, koma ayi. Ndi mpweya wotuluka m'madzi a m'mfundo, monga zimachitikira munthu akamathyola zala kuti zilire. Chimene chimasintha n'chakuti minofu imamasuka ndipo mfundo imayenda bwinoko. Mpumulo wake ndi weniweni koma wapang'ono, ndipo sukhalitsa ngati munthu akunyamulabe matumba a makala atapinda msana m'malo mopinda mawondo.

Mbali yolemera ya ntchitoyi ndi kudziwa msana wosayenera kuukhudza. M'Malawi muno TB imalowanso m'mafupa a msana n'kuwafumbutsa. Munthu amene akuwonda, akutuluka thukuta usiku, miyendo yachita dzanzi, kapena mkodzo ukungotuluka wokha, sakankhidwa. Amatumizidwa ku chipatala, monga Kamuzu Central Hospital, kukajambulidwa. N'chimodzimodzi wogwa panjinga ndi gogo wa mafupa ofooka. Pachifukwa chomwechi, chizolowezi chouza mwana kuti "tandiponda pamsanapa" n'choopsa: phazi silimva pamene pali fupa lodwala. Kuthowa ndi nsalu ya madzi ofunda n'kotetezeka kuposa pamenepo.