Chingwe Chimene Raiden Sanavale

Tinakula tikuwerenga zotsatira za mayeso kuyambira pamwamba, ndipo tinkakhulupirira kuti dzina loyamba ndi la munthu amene palibe womuposa. Posachedwapa ndife amene tizidzalemba mindandanda yotere. N'chifukwa chake mbiri ya yokozuna, udindo waukulu koposa m'masewera ogwetsana a sumo ku Japan, yatipatsa zoganiza.

Poyamba yokozuna sunali udindo ayi. Dzinali limanena za chingwe choyera chochindikala chimene wogwetsana amamanga m'chiuno, chofanana ndi chimene amapachika pa akachisi a chipembedzo cha Shinto. Udindo wapamwamba unali wa ōzeki. Mu 1789, banja la Yoshida, lomwe linkasunga miyambo ya sumo, linapatsa Tanikaze Kajinosuke ndi Onogawa Kisaburō chilolezo chovala chingwecho pa mwambo wolowera m'bwalo. Awiriwa analidi akatswiri. Tanikaze anapambana maulendo 63 motsatizana, ndipo amene anamugwetsa mu 1782 anali Onogawa yemweyo.

Kenako kunabwera Raiden Tameemon, amene anagwetsana m'gulu lapamwamba kuyambira 1790 mpaka 1811. Anapambana maulendo 254, n'kugonja 10 okha. Koma chingwe sanachivale. Chilolezo sichinkaperekedwa powerenga kupambana. Chinali m'manja mwa banja la Yoshida, ndipo pambuyo pa Tanikaze ndi Onogawa panadutsa zaka pafupifupi 40 banjalo lisanapatse wina, mpaka Ōnomatsu mu 1828.

Mndandanda wa ma yokozuna umene anthu amagwiritsa ntchito lero unakonzedwa mochedwa. Jinmaku Kyūgorō, amenenso anavalapo chingwe, anasonkhanitsa mayina, ndipo mu 1900 anamaliza kuimika mwala wachikumbutso pa kachisi wa Tomioka Hachiman ku Tokyo. Patsogolo pa Tanikaze anaikapo anthu atatu, kuyambira ndi Akashi Shiganosuke, amene mbiri yake ili ngati nthano. Motero Tanikaze anakhala wachinayi. Raiden analembedwa pamwalapo popanda nambala, monga wogwetsana wopanda mnzake. Dzina loti yokozuna linayamba kuoneka pa mndandanda wa mpikisano mu 1890, ndipo linavomerezedwa kukhala udindo weniweni mu 1909.

Sitikunyoza chingwe. Amene anachivala anachikhetsera thukuta, ndipo ulemu umalimbikitsa ena kuti alimbikire. Koma mbiriyi ikutikumbutsa kuti mndandanda amalemba ndi anthu, ndipo anthuwo amasankha zoti ayeze ndi zoti asiye. Tikadzagwira choko, tidzakhala ngati banja la Yoshida m'kalasi mwathu. Mwana amene tamuika pamwamba tidzamuyamikire ndithu. Koma tidzayang'anenso pansi pa pepala, kwa uja amene luso lake silinalowe m'mafunso athu, tisanamuuze kuti palibe chimene angathe.