Mankhwala a ku China: safunsa adadya phula

Mabanja achichepere a kuno ku Mpingwe ndi madera ozungulira Limbe akhala akundifunsa funso limodzimodzi: kodi mankhwala a ku China n'ngothandizadi? Ena amafunsa za acupuncture, njira ija yobaya timasingano tating'ono pathupi. Ena amafunsa za tiyi ndi timabotolo togulitsidwa m'misika, tolembedwa zilembo zomwe ngakhale wogulitsayo sangawerenge. Lero tiyeni tikambirane nkhaniyi modekha, chifukwa ikukhudza ndalama zanu komanso moyo wa ana anu.

Choyamba, dziwani kuti aliyense amene adamwapo LA adalawa kale nzeru za makolo a ku China. Achikulire akukumbukira kuti kale malungo tinkachiza ndi chloroquine. Atayamba kulephera, dziko lino lidasinthira ku Fansidar mu 1993, ndipo mu 2007 lidabweretsa LA. Mbali imodzi ya LA imachokera ku chomera cha artemisia, chomwe Matchaina amachitcha qinghao. Mayi wina wasayansi, Tu Youyou, adafufuza m'mabuku akale a asing'anga akwawo n'kupeza malangizo a Ge Hong, olembedwa zaka zoposa 1,600 zapitazo, onena kuti chomerachi achiviike m'madzi n'kuchifinya. Apo adazindikira kuti kuwiritsa kumaononga mphamvu yake. Mu 1972 gulu lake lidapatula mankhwala enieniwo, ndipo mu 2015 mayiyo adalandira mphoto ya Nobel.

Koma taonani njira yomwe mankhwalawa adayenda asanafike pachipatala cha Limbe kapena cha Bangwe. Adapimidwa, adayesedwa pa odwala ambiri, mlingo wake udadziwika. N'chifukwa chake mwana amapatsidwa LA molingana ndi sikelo yake, kawiri patsiku kwa masiku atatu.

Mayi wina yemwe timapemphera naye adamva kuti LA ndi artemisia, ndiye adabzala chomeracho kuseri kwa nyumba. Mwana wake wa zaka zitatu atatentha thupi, adamuphikira tiyi wa masamba aja kwa masiku atatu osapita kukayezetsa. Tsiku lachinayi mwana adayamba kukomoka ndipo adathamangira naye ku Queens usiku. Chomwe chidamupulumutsa ndi jakisoni wa artesunate, wochokera ku chomera chomwechija, koma woyezedwa bwino. Bungwe la WHO lidanena mu 2019 kuti silivomereza kuchiza malungo ndi tiyi kapena masamba a artemisia. Mphamvu ya masamba imasiyana malinga ndi dothi, nyengo ndi kaphikidwe. Tizilombo tina timafa, tina timatsala, ndipo totsalato n'tomwe timaphunzira kupirira mankhwala. Makolo anzanga, mwana akatentha thupi kayezetseni tsiku lomwelo.

Tsopano za masingano. Chiyambire ubale wa Malawi ndi China kumapeto kwa 2007, magulu a madokotala a kumeneko akhala akubwera kudzathandiza pa zipatala za Kamuzu Central ndi Mzuzu Central, ndipo ambiri tayamba kumva za acupuncture. Njirayi si yachilendo kwenikweni kwa ife amene agogo athu ankatema mphini ndi kulumika ndi nyanga. Kusiyana kwake n'kwakuti masingano ake n'ngoonda kwambiri, sabaya mankhwala alionse, ndipo amasiyidwa pathupi kwa mphindi zingapo kenaka n'kuzulidwa.

Pomwe kafukufuku waonetsa kuti acupuncture imathandizako ndi pa ululu: msana wosatha, mawondo, ndi mutu waching'alang'ala. Ku Britain, bungwe la NICE lomwe limalangiza zipatala za boma lidavomereza mu 2021 kuti madokotala angathe kuigwiritsa ntchito pa ululu wokhalitsa womwe gwero lake silikuoneka. Ngati bambo akunyumba msana wawavuta chaka chonse, adapimidwa kuchipatala ndipo palibe choopsa chidapezeka, ine sindingawaletse kuyesa. Koma kuchepetsa ululu ndi kwina, kuchiza khansa, shuga kapena BP n'kwinanso. Amene akukuuzani kuti musiye ma ARV kapena mankhwala a BP chifukwa cha masingano ake, dzukani muzipita.

Chomwe chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi mabanja ofuna mphatso ya mwana. Papita zaka ziwiri chikwatirane, apongozi ayamba kuyankhula, mkazi akulira usiku, ndiye wina akabwera ndi lonjezo la mimba m'miyezi itatu, banja limagulitsa ngakhale firiji. Mu 2018 kudatuluka zotsatira za kafukufuku wa amayi 848 ku Australia ndi New Zealand omwe ankathandizidwa kutenga pakati kuchipatala. Theka adabayidwa masingano enieni, theka onamizira. Mbali zonse ziwiri, amayi pafupifupi 18 pa 100 alionse ndiwo adabereka. Masingano sadaonjezere kanthu.

Vutoli si lanu nokha. WHO idati mu 2023 munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 alionse amakumana nalo pamoyo wake. Ngati chaka chatha mukukhala malo amodzi popanda kulera koma mimba osaoneka, pitani kuchipatala nonse awiri. Ndikubwereza: nonse awiri. Nthawi zambiri vuto limapezekanso kwa mwamuna, ndipo kupima mbewu ya abambo n'kosavuta kuyerekeza ndi zomwe amayi amadutsamo. Abambo, musamutumize mkazi yekha kwa obaya masingano inu mutakhala pa bawo.

Za timabotolo, kumbukirani chikomekome cha nkhuyu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 ku Belgium adaonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi momwe mudalowa chomera cha ku China chotchedwa aristolochia. Ena adafika posowa impso zina. Mawu akuti "zachilengedwe" asakugonetseni tulo. Nayonso mwabvi ndi mtengo wachilengedwe. Kuno kwathu bungwe loyang'anira mankhwala ndi PMRA. Funsani wogulitsayo ngati mankhwala ake adalembetsedwa kumeneko. Akayamba kuzungulira, ndalama yanu ibwerere m'thumba.

Mukasankha kuyesa acupuncture, funsani komwe munthuyo adaphunzira ndipo akuonetseni chiphaso. Masingano atsegulidwe m'paketi yomata inu mukuona, ndipo akatha atayidwe. Singano yobwereza ili ngati lezala limodzi lotemera mudzi wonse: imafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Wosadziwa ntchito akabaya mozama pachifuwa kapena kumsana angathe kuboola phapo. Ngati ndinu oyembekezera kapena mumamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, nenani asanakukhudzeni. Ndipo mukabwerera kuchipatala, muuzeni dokotala chilichonse chomwe mukumwa, ngakhale tiyi wa kwa azakhali. Musaope kukalipiridwa, iye sangakuthandizeni bwino pa zomwe mwamubisira.

Kufunsa sikuchotsa ulemu wa munthu. Wodziwa ntchito yake amayankha mosavuta, ndipo amakuuzaninso matenda omwe sangathe kuwachiza. Tionanenso Lamulungu likudzali.